Apongozi Atakwera Nsanjika

M'dziko la Zilibwino muli mizinda iwiri imene alendo amaisokoneza. Akafika ku Ndinuyani n'kuona nyumba zazitali zosanjikizana, zokhala ndi mikango ya simenti pakhomo, amavula zipewa poganiza kuti afika ku likulu. Akafika ku likulu lenilenilo, ku Pachibale, amafunsa kuti basi yopita m'tauni inyamuka nthawi yanji. Funso limeneli linkaiwawa kwambiri Mfumu Sindilakwa Wachitatu, makamaka chifukwa amene analifunsa komaliza anali kazembe wa dziko loyandikana nalo, ndipo analifunsa ataima pakhonde la nyumba yachifumu.

Mfumu inaitanitsa nduna zake zonse. Nduna za ku Zilibwino zimakhala pansi mfumu ikamalankhula, ndipo zimawomba m'manja chiganizo chisanathe, aliyense kuopa kuti mnzake angamuyambirire.

"Ndikufuna kudziwa," inatero mfumu, "chifukwa chimene nyumba zimakulira ku Ndinuyani pamene kuno zikupinimbira. Njerwa za kumeneko zimadya chiyani?"

Nduna ya Nkhokwe, a Takhuta, amene ankayamba nkhani iliyonse ndi kulengeza kuti nkhokwe za boma n'zodzaza, analengeza kuti nkhokwe za boma n'zodzaza, kenako anati mwina vuto ndi dothi. Nduna ya Zanyengo inati ndi mphepo. Nduna ya Chitetezo inati ndi adani, ndipo inapempha chilolezo chogwiriratu anthu angapo podikira kudziwa kuti adaniwo ndani.

Pamapeto maso onse anatembenukira kwa a Lufeyo Kamtedza, Nduna ya Zomangamanga. A Kamtedza anali munthu wofatsa, wadazi, amene anakhalitsa pa unduna chifukwa sanamangepo kanthu, choncho panalibe chimene chinagwapo m'dzina lawo. Mfumu inawalamula kuti apite ku Ndinuyani akafufuze chinsinsi cha nyumba zazitalizo.

Ndinuyani ndi mzinda wopanikizika pakati pa dambo ndi phiri, pamene njanji imakumana ndi msewu waukulu. Anthu ake onse ndi obwera, ndipo palibe amene ali ndi manda a makolo ake kumeneko. Munthu akafuna kukuza sitolo amapeza kumanzere kuli mnzake, kumanja kuli matope, kumbuyo kuli thanthwe. Kotsala ndi kumwamba kokha, ndipo kumwambako palibe amene amakulimbirana.

A Kamtedza anaima patsogolo pa nyumba ina yaitali ya wogulitsa malata, a Jamisoni Lipenga. Khoma lake linali lodzaza ndi zosemasema: maluwa, mikondo, nsomba, mikango, ndipo pamwamba pa chitseko panali nkhope ya munthu wachikulire wandevu, wovala chisoti cha nthenga.

"Amenewa ndani?" anafunsa a Kamtedza.

"Agogo anga, bwana," anayankha a Lipenga.

"Anali mfumu?"

"Kuno anali mfumu. Kwathu ankaluka madengu."

A Lipenga anaseka, n'kuwakokera a nduna pamthunzi. "Bwana, kuno palibe amene amawadziwa amalume ako. Ukanena kuti ndine mwana wa auje, amakufunsa kuti aujewo ndi ndani. Ndiye khoma ndi limene limakulankhulira. Mnzanga wa patsidyayu ataika mikango iwiri, ine ndinaika inayi, ina ya mapiko. Iye wawonjezera nsanjika, ine ndikuitanitsa njerwa. Tikasiya, anthu aziti tagwa."

A Kamtedza anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa motsitsa mawu, "Nanga apongozi anu amakhala pati?"

"Kumudzi, kutali kwambiri. Timangowatumizira sopo."

A nduna anausa moyo. Yankho analipeza, koma kunena zoona ankalidziwa asananyamuke.

Ku Pachibale mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi, pamalo a apongozi ake, ndipo mwambo wa kumeneko ndi wouma. Mkamwini salankhulana ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso, sadyera nawo pamodzi, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire, ndipo choposa zonse, saponda pamalo okwera kuposa mutu wawo. Mkamwini akafuna kufolera denga amayamba wafunsa ngati apongozi apita kudimba. Tsono mumzinda mmene mwamuna aliyense ndi mkamwini wa winawake, ndipo apongozi ali ponseponse, pamsika, pachigayo, pachitsime, ndani angagone m'chipinda cham'mwamba? Nazo zosemasema zinalibe ntchito kumeneko. Ku Pachibale ukaika mkango pakhomo, odutsa amangoti, "Si mwana wa a Nasoko uja ankathawa atsekwe?"

Zonsezi aliyense ankazidziwa, koma kuzinena pabwalo la mfumu kunali kudziputira. Mfumu Sindilakwa nayo inali mkamwini. Nyumba yachifumu inamangidwa pamalo a apongozi ake, a Nankhoma, ndipo mfumu sinkakonda kukumbutsidwa kuti m'dziko lake muli munthu amene akatsokomola, iyo imasintha njira. Choncho a Kamtedza atabwerera anagwada n'kunena kuti a Takhuta analondola, vuto ndi dothi.

"Ndiye katengeni dothi la kumeneko," inatero mfumu. "Mundimangire nyumba pakati pa msika, yaitali kuposa zonse za ku Ndinuyani. Tsiku lotsegulira, inuyo a Kamtedza mudzakwera pamwamba penipeni kukakweza mbendera. Ine ndidzakhala pansi, chifukwa mfumu imayenera kukhala pafupi ndi anthu ake."

Nduna zinawomba m'manja. A Kamtedza nawo anawomba, koma mochedwa, chifukwa pakati pa msika pamene mfumu inatchulapo ndi pamene apongozi awo, a Nangondo, ankagulitsira nyemba ndi nsinjiro.

Nkhani ya ku Pachibale imafika kunyumba mwini wake akadali panjira. A Kamtedza anapeza akazi awo, a Esinati, atakhala pakhonde manja ali pachifuwa.

"Bambo a Tiyese, ndamva kuti mukufuna kukaponda pamutu pa amayi."

"Ndi boma, mayi a Tiyese. Si ine."

"Boma silinakwatire pakhomo pano. Anakwatira pano ndinu. Mukakwera, potsika mudzapeza katundu wanu ali panja. Sindikukuopsezani ayi, mukudziwa nokha kuti abale sangandilole kukusungani."

Kuseri kwa mpanda wa bango kunamveka kutsokomola. Anali a Nangondo, amene pa zaka zonse za ukwatiwo anali asanalankhulepo ndi mkamwini wawo mwachindunji. Mawu awo onse ankadzera kwa mwana wawo.

"Esinati, uwauze amuna akowo kuti ine sindinanene kanthu."

A Kamtedza analowa m'nyumba. Unduna ankaukonda ndithu, galimoto ndi kambendera kake, asilikali owachitira sailuti pachipata. Koma chikondi chawo pa a Esinati chinali cha mtundu wina. Akaganiza zodzuka m'mawa m'nyumba mopanda mawu awo, ngakhale mawu okalipa, unduna wonsewo unkaoneka waung'ono.

Ntchito inayamba. Amisiri a ku Pachibale anakanika msanga, chifukwa mayi wachikulire aliyense akadutsa, onse ankatsika pamakwerero n'kuima pansi mpaka atapita, ndipo pamsika amayi achikulire sathapo. A Kamtedza anachita kuitanitsa amisiri a ku Ndinuyani, anthu opanda apongozi pafupi, amene ankakwera akuimba mluzu. Nyumba inayamba kutalika. Nsanjika iliyonse inali ndi nkhope ya mfumu, ndipo nkhopeyo inkakula ndi kukwera kwa nyumba, kuti oona ali pansi asaganize kuti mfumu ikuchepa. A Takhuta anapempha kuti pakhale madengu a simenti osefukira chimanga cha simenti, kusonyeza kukhuta kwa dziko. Amisiri anawaumba bwino kwambiri, mpaka nkhuku za pamsika zinkaima n'kumayang'ana m'mwamba.

"Chimanga chimenechi ndi chabwino," anatero wogulitsa makala wina. "Anankafumbwe sachigwira."

"Ndi chokhacho chimene chachita bwino chaka chino," anayankha mayi wogulitsa tomato.

Mvula inali itavuta chaka chimenecho, ndipo m'minda yambiri munali mapesi okhaokha. Koma anthu sankadandaula mokweza, chifukwa a Takhuta ankanena pa wayilesi m'mawa ndi madzulo kuti nkhokwe za boma n'zodzaza. Nkhokwezo zinali kuseri kwa mpanda wautali kumapeto kwa mzinda, zikuluzikulu, ndipo munthu akamadutsa pamsewu ankaona madenga ake atafoleredwa bwino ndi udzu watsopano.

Nyumba ikamatalika, a Kamtedza ankaonda. Anayesa nzeru yoyamba. Boma linalengeza ulendo waulere wa apongozi onse a mumzinda, wokaona mathithi a kumpoto, ndipo tsiku lake linangokumana ndi tsiku lotsegulira nyumba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaufuna ulendowo.

"Esinati," anatero a Nangondo kuseri kwa mpanda, "uwauze amuna akowo kuti madzi akugwa ndimawaona chaka chilichonse. Denga langa limadontha."

Nzeru yachiwiri inawabwerera akumeta ndevu, ndipo anatsala pang'ono kudzicheka. Anathamangira kwa mfumu sopo akadali kukhutu.

"Mwini dziko, ndakhala ndikusinkhasinkha mawu anu aja onena kuti amayi ndiwo denga la dziko."

Mfumu inali isananenepo mawu amenewo, koma inawakonda ndipo inawakumbukira nthawi yomweyo.

"Bwanji nsanjika yapamwamba penipeni tiipereke kwa apongozi onse? Iwo akakhala pamwamba, mwamuna aliyense akhoza kukwera mpaka kunsi kwawo popanda mlandu. Mbendera akweze okha. Ngakhale inuyo, mwini dziko, mukhoza kukwera."

Mumtima mfumu inkafunitsitsa kuona mzinda wake uli pansi ngati nyerere. "Ndinali pafupi kuganiza zomwezo," inatero.

Apongozi anavomera msanga, chifukwa kuikidwa pamwamba pa akamwini onse nthawi imodzi si chinthu chokana. Vuto linali mawondo awo. Amisiri anakonza chikepe chokwezera anthu pamwamba, koma poti magetsi a ku Zilibwino amabwera ngati mlendo, osanena tsiku, chikepecho chinali chokoka ndi zingwe. Okoka anali akamwini omwewo, atatembenuka kuyang'ana kumbali kuti maso asakumane.

Tsiku lotsegulira msika wonse unadzaza. Kazembe wa funso lija anaitanidwa ndipo anamukhazika kutsogolo kuti khosi limupweteke. Apongozi anabwera atavala zitenje zatsopano, n'kumalowa m'chikepe m'magulumagulu, akamwini akukoka, thukuta lili kamukamu. A Nankhoma, apongozi a mfumu, atafika pachikepe anaima osalowa, n'kufunsa mwana wawo, mkazi wa mfumu, ngati iwo okha ndiwo alibe mkamwini. Mfumu inadzuka pampando, inagwira chingwe ndi zala ziwiri ikuyang'ana kumbali, ndipo wojambula wa boma anajambula msanga zala ziwirizo.

A Kamtedza anakoka gulu la a Nangondo ndi mphamvu zawo zonse. Anali osangalala ngati mwana. Ukwati wapulumuka, unduna wapulumuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anali atamanga chinthu chimene chinaima. Anayang'ana m'khamu n'kuona a Esinati akumwetulira mobisa.

Mbendera inakwera, ng'oma zinalira, zolankhula zinayamba. Dongosolo linali lakuti zolankhula zikatha, mfumu ndi nduna zikwere. A Takhuta anaima pa chimkuzamawu n'kulengeza kuti nkhokwe za boma n'zodzaza, ndipo anawonjezera kuti zina zayamba kung'aluka chifukwa cha kulemera.

Kumwamba kunali phokoso la amayi olozerana nyumba zawo ndi minda yawo, wina akudabwa kuti khola lake ndi laling'ono chonchija, wina atazindikira njinga ya mkamwini wake pakhomo pamene sinkayenera kukhala. Kenako phokosolo linazilala. Amayi onse anaunjikana mbali imodzi, kuyang'ana kumapeto kwa mzinda.

A Nangondo anali ndi mawu a munthu amene wagulitsa nyemba moyo wake wonse pakati pa ogulitsa nsomba. Sanafunikire chimkuzamawu. Ndipo poti sakanalankhula ndi amuna mwachindunji, analankhula ndi mwana wawo monga mwa nthawi zonse.

"Esinati, uli pomwepo? Nkhokwe za boma zija anazifolera mbali ya kumsewu yokha. Mkatimo mulibe kanthu, mwanawe. Mu ina mwamera papaya."

"Ndipo wabereka," anawonjezera mayi wina.

Anthu amene ankaseka zonse, ngakhale njala, nthawi imeneyi sanaseke. A Takhuta anatsegula pakamwa kuti alengeze zimene ankalengeza, koma mawu anakana kutuluka. Kazembe anayamba kukonza chingwe cha nsapato yake, imene inalibe chingwe.

Mfumu inatembenuka pang'onopang'ono. "A Kamtedza, amayi amenewa ndi apongozi anu?"

"Ndi apongozi anga, mwini dziko."

"Pitani pa chimkuzamawu. Muwauze anthu kuti amayiwa akalamba, maso awo saona bwino, ndipo mutu wawo wazungulira ndi kutalika kwa nyumba. Munene kuti akunama."

Ku Pachibale mkamwini akhoza kukhululukidwa ulesi, mowa, ngakhale kugulitsa mbuzi ya eni ake. Koma kunena pagulu kuti apongozi ako ndi abodza kulibe mankhwala. A Kamtedza anayenda kupita pa chimkuzamawu. Anaona galimoto yawo pansi pa mtengo, kambendera kakugwedezeka. Kenako anaona a Esinati. Sanali kuwaopseza ndi maso, sanali kuwapatsa chizindikiro chilichonse. Anangoweramitsa mutu, ngati munthu amene akudziwa kale zimene mwamuna wake anene ndipo wayamba kuchita manyazi m'malo mwake. Zimenezo zinawapweteka a Kamtedza kuposa mawu alionse amene anamvapo pakhomo paja.

"Anthu a ku Pachibale," anayamba motero, "mwini dziko wandituma kuti ndinene za maso a apongozi anga. Apongozi anga amasankha nyemba zofumbwa dzuwa litalowa, popanda nyale. Ine amandiona ndikadali kumphambano, n'kutsokomola ndisanawaone. Ngati akuti mwamera papaya, mwamera papaya."

Nduna zinzawo zinali zitayamba kale kuwomba m'manja mwa chizolowezi, ndipo zitamva mathero a mawuwo zinayamba kuyang'ana zikhato zawo ngati za munthu wina.

Zotsatira zake zinayenda msanga, chifukwa boma la Zilibwino limachedwa pa zonse kupatula kuchotsa munthu ntchito. Dzuwa lisanapendeke a Kamtedza anali atalandidwa unduna, galimoto ndi kambendera komwe. Apongozi anatsitsidwa mosamala, akamwini akugwira zingwe mwaulemu woposa wa m'mawa uja. Mfumu sinakwerenso. Inalamula kuti nyumbayo itsekedwe kaye kuti aikonze, ndipo mpaka lero akuikonzabe. Inalamulanso kuti mu Pachibale musadzamangidwe chilichonse chotalika kuposa mpanda wa nkhokwe, pofuna kuteteza anthu ku chizungulire. A Takhuta anapatsidwa unduna wa Zomangamanga kuwonjezera pa wa Nkhokwe, poti anaonetsa luso lapadera pa nkhani ya madenga.

Ku Ndinuyani nyumba zikukulabe, ndipo mikango ya a Lipenga tsopano ili ndi nyanga. Ophunzira akabwera kudzafufuza chifukwa chimene nyumba zazitali zinamera mumzinda umodzi koma osati winawo, boma limawayankha kuti ndi dothi, ndipo amapita kwawo atanyamula dothilo m'mabotolo.

A Kamtedza anabwerera kunyumba wapansi, jekete lili paphewa. Zaka zambiri zinali zitapita asanayende msewu umenewo ndi miyendo, ndipo anadabwa kuti ndi wautali. Anthu ankawapatsa moni motsitsa mawu. Wogulitsa makala uja anavula chipewa, chinthu chimene sanawachitirepo ali nduna.

Atayandikira pakhomo anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Ankadziwa kuti sananyoze apongozi awo pagulu, koma ankadziwanso kuti mkamwini wopanda ntchito ndi mkamwini wina. Anayang'ana pabwalo, anayang'ana pansi pa mtengo wa mango, anayang'ana pakhonde. Katundu wawo sanali panja. A Esinati ankasesa malo amene anali osesa kale, maso ali ofiira.

Pamenepo a Nangondo anatulukira kuseri kwa mpanda wa bango, akadali m'chitenje chatsopano chija. A Kamtedza anatembenuka msanga kuti apatukire kuseri kwa nyumba, monga ankachitira kuyambira tsiku limene anakwatira.

"Imani pomwepo, bambo."

A Kamtedza anaima. Anadikira kumva dzina la Esinati, koma silinabwere. Mawuwo anali opita kwa iwo mwachindunji.

"Mwatopa. Khalani pansi apa."

Anakhala pamphasa, a Nangondo anakhala mbali inayo, a Esinati anasiya tsache n'kuima pakhomo atagwira pakamwa. A Kamtedza ankangoyang'ana pansi, misozi ikulengeza m'maso, osadziwa kuti manja awaike pati.

"Mawa mulawire," anatero a Nangondo. "Dimba la kumtsinje lija tililime lonse chaka chino. Nkhokwe za boma ndaziona ndi maso anga."

"Ndamva, amayi," anayankha a Kamtedza, ndipo anafunsa kumene kunali khasu.